Mayi, musamulande kompyuta, koma mumuuze za ku Chasselay

Mayi wina amene akukhala kuno ku Britain anandilembera pa imelo sabata yatha. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 15 watengeka mtima ndi masewera a akasinja a pa kompyuta. Pafoni pake waikapo chithunzi cha msilikali wa ku Germany wovala zakuda, ndipo masiku ano akumatsutsa aliyense m'nyumbamo kuti anyamata a m'akasinja a Hitler anali akatswiri oposa onse, komanso kuti zopha Ayuda sizinkawakhudza. Mayiwo akufunsa ngati zimenezi n'zoona, ndiponso ngati n'kwabwino kumulanda kompyutayo.

Mayi, pepani kuti ndachedwa kuyankha. Kalata yanu ndaiwerenga kasanu. Yandikhudza chifukwa chithunzi chonga chimenecho inenso ndinali nacho, ndipo ndinachisunga zaka zoposa makumi awiri. Ndiye mundilole ndiyambire patali.

Ndili ndi zaka 19 ndinalembedwa ntchito ya usipanala pa kampani ina yomanga misewu kuchigwa cha Shire. Ntchito yanga inali kunyamula bokosi la zitsulo, kupopera girisi, kutsuka mafyuluta ndi kuyang'anitsitsa manja a makaniko wamkulu. Tinkagona m'kampu ya malata, yotentha moti usiku tinkatulutsa mphasa panja. Foromani wina wachizungu atamaliza kontirakiti yake anasiya mulu wa magazini a nkhondo, ndipo anzanga ankang'amba masamba ake n'kumayatsira mbaula. Ine ndinapulumutsapo tsamba limodzi. Panali kasinja wotchedwa Tiger ataima m'munda wa tirigu, mzinga wake wautali utaloza kutsogolo, pamwamba mnyamata atatulutsa mutu, mahedifoni ali m'makutu. Ndinalimata m'kati mwa chivundikiro cha bokosi langa la masipanala. Kwa mwana wakumudzi amene wangoyamba kumene kukonda zitsulo, chimene chija chinali mfumu ya makina onse. Manambala a m'munsi mwa chithunzicho ndinawaloweza ngati vesi: matani 57, mzinga wa mamilimita 88, chitsulo chakutsogolo chochindikala mamilimita 100. Za munthu amene mzingawo unkamuloza, sindinadzifunsepo ngakhale tsiku limodzi.

Pa kampu pomwepo tinali ndi katapila wamkulu, ndi mdala wina amene ankamuyendetsa. Anali munthu wofatsa, wosamwa mowa, wodziwa ntchito yake moti ankasalaza dothi ngati akusita nsalu. Tsiku lina anandikweza m'kabini kuti ndione zimene iye amaona. Ndinadabwa. Kutsogolo, chikhasu chija chimabisa chilichonse chimene chili pafupi. Kumbuyo n'chimodzimodzi. Phokoso la injini ndi matcheni ndiye losakamba, munthu atakuwa pambali pako pomwepa sungamumve. N'chifukwa chake katapila ankayenda ndi mnyamata wa mbendera, woyenda pansi, amene anali maso a opareta. Mwezi wa February, mvula itatichedwetsa, akuluakulu anachotsa anyamata a mbendera n'kuwatumiza kokumba ngalande kuti ntchito ifulumire. Pa tsiku lachitatu, katapila akubwerera chambuyo pa makande oterera, anaponda mwendo wa bambo wina amene anawerama kuti azule chikhomo. Ine ndinali pafupi. Tinakuwa tonse, manja m'mwamba, koma mdala uja sanamve kanthu mpaka wina anagenda galasi ndi chibuluma. Mwendo uja anakaudula kuchipatala. Mdala uja anatsika n'kukhala pansi m'matope momwemo akulira, ndipo mpaka pamene ndinkachoka pa kampaniyo anali asanakwerenso katapila.

Nkhaniyi ndaikamba chifukwa ndi imene inadzandithandiza kumvetsa akasinja, ngakhale panapita zaka. Kasinja ndi katapila amene amutseka ndi chitsulo mbali zonse. Ngati opareta wokhala m'kabini ya magalasi saona munthu amene ali pafupi ndi matcheni, nanga dalaivala wosuzumira pa kampata kotalika ngati chikhatho, kotchinga ndi galasi lochindikala lodzaza fumbi, angaone chiyani? Pa kompyuta ya mwana wanu kasinja amaoneka yense, kamera ili m'mwamba kumbuyo kwake, mdani atamuika kale kachizindikiro kofiira. Kasinja weniweni ankaona movutikira, ndipo kumva ndiye sankamva n'komwe.

Pamene mwanayo akunena zoona timuvomereze. M'zaka zoyambirira za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira 1939 mpaka cha mu 1942, Ajeremani ankadziwadi kumenya nkhondo ya akasinja kuposa adani awo. Koma mphamvu yawo sinali pa kukula kwa chitsulo. Mu May 1940, polowa m'dziko la France, ambiri mwa akasinja awo anali ang'onoang'ono, a Panzer I ndi Panzer II, kuphatikizapo ena amene anawapeza atalanda Czechoslovakia. Afalansa anali ndi akasinja a chitsulo chochindikala kuposa amenewa, monga Char B1 ndi Somua S35. Kusiyana kunali m'kati. M'kasinja wa Afalansa, m'chimutu chozungulira chija cha pamwamba, pamene pali mzinga, munkakhala munthu mmodzi yekha: yemweyo ayang'ane kumene kuli adani, yemweyo alonge chipolopolo, yemweyo alozetse ndi kuwombera, ndipo akakhala mkulu, yemweyo alamulenso akasinja anzake. Panzer III ndi Panzer IV ankanyamula anthu asanu. Kutsogolo kumanzere kunkakhala dalaivala, kumanja kwake wa wailesi, amene ankagwiranso mfuti yachiwaya. M'chimutu munali atatu: wolozetsa mzinga, wolonga zipolopolo, ndi komanda amene manja ake analibe ntchito ina, yake inali kuona ndi kuganiza basi. Ankalankhulana pa mahedifoni, timaikolofoni titamangidwa pakhosi kuti mawu asamizidwe ndi phokoso la injini. Heinz Guderian, mmodzi wa anthu amene anaumba magulu a akasinjawa, anagwirapo ntchito ya zamauthenga pa nkhondo yoyamba ija, ndipo analimbikira kuti kasinja aliyense akhale ndi wailesi, ngakhale yongomvera chabe. T-34 wa Soviet Union, amene anawadzidzimutsa mu 1941, anali kasinja wabwino zedi, koma komanda wake ankawombera yekha mzinga, ndipo ambiri analibe wailesi. Ankapatsana zizindikiro ndi timbendera.

Komanda wachijeremani nthawi zambiri ankayenda atatulutsa mutu kunja, monga mnyamata wa pa chithunzi changa chija. Ine ndinkayesa kuti n'kudzionetsera, chonsecho kunali kufuna kuona. Ambiri anafa choncho, chipolopolo kapena kachitsulo ka bomba katawapeza m'mutu, thupi n'kugwera pa anzawo m'katimo.

Koma ngakhale atulutse mutu, komanda sangaone munthu amene wagona m'dzenje, wadzifunditsa udzu, akudikira kuti kasinja amudutse kenako aponye botolo la petulo pa injini. Apa ndi pamene pankafunika anyamata a mbendera a nkhondoyi, amene masewera a pa kompyuta sawawerengera n'komwe. Gulu lililonse lalikulu la akasinja linali ndi asilikali oyenda pansi zikwizikwi, amene ankanyamulidwa pa magalimoto kuti asatsalire. Poyamba ankatchedwa Schützen, ndipo mu 1942 anapatsidwa dzina lakuti Panzergrenadier. Iwowa ndi amene ankatsika n'kulowa m'nkhalango, m'midzi, m'ngalande, kufufuza mizinga yobisika, kenako n'kuchezera m'maenje pamalo amene alandawo pamene akasinja abwerera m'mbuyo kukamwa mafuta. Pa 13 May 1940 ku Sedan, pa mtsinje wa Meuse, pamene msana wa France unathyokera, oyamba kuwoloka sanali akasinja ayi. Anali apansi ndi mainjiniya a nkhondo, akupalasa timabwato talabala pakati pa zipolopolo. Akasinja anawoloka mawa lake, mlatho utamangidwa. Pofika pa 20 May anali atafika kunyanja.

Zithunzi zimene zimafala ndi za asilikaliwa akudumpha m'galimoto yachitsulo ija ya matayala kutsogolo ndi matcheni kumbuyo, Sd.Kfz. 251, yosatseka pamwamba, yonyamula anthu pafupifupi khumi. Inaliko ndithu, ndipo nkhondo yonse anapanga pafupifupi 15,000. Koma sizinakwanepo. M'magulu ambiri a akasinja, mwa mabataliyoni anayi a Panzergrenadier, imodzi yokha ndi imene inali nazo. Ena onse ankakwera malole wamba a denga la tenti, ndipo akayandikira adani ankatsika n'kuyenda wapansi ngati msilikali wina aliyense. Kuwonjezera apo, ankhondo ambiri a Germany sanali a akasinja. Pa 22 June 1941 analowa mu Soviet Union ndi asilikali oposa 3 miliyoni, akasinja oposa 3,000, ndi mahatchi osachepera 600,000. Chakudya, zipolopolo ndi mizinga ya magulu ambiri zinkayenda pa ngolo. Ojambula a boma la Hitler ankalozetsa kamera ku zitsulo, ngolo n'kuzisiya kumbuyo, ndipo zithunzi zawozo ndi zimene tikuonabe lero.

Zimene zimachitika kasinja akasiyana ndi apansi zinaoneka ku Kursk, ku Russia, mu July 1943. Ajeremani anabweretsa zilombo zina zotchedwa Ferdinand, pafupifupi 90, chilichonse cholemera matani 65, chitsulo chakutsogolo mamilimita 200. Zinalibe mfuti yachiwaya yomangirira ngakhale imodzi. Mizinga ya Soviet itapanikiza apansi kuti agone pansi, zilombozi zinapitirira zokha cha ku Ponyri, zina n'kuponda mabomba okwirira, matcheni n'kuduka. Chitsulo cha matani 65 chikaima pakati pa adani popanda mnzake wapansi, chimangodikira tsiku lake. Zimene zinatsala anazibweza ku fakitale kuti akaziike mfuti yachiwaya.

Apa ndilankhule ngati makaniko, chifukwa ntchitoyi ndaigwira zaka zoposa makumi atatu ndipo pamenepa sindigonjera munthu. Tiger anali makina oipa. Mzinga wake unali woopsa, inde, ndipo amene anakumana nawo anali ndi chifukwa chouopera. Koma makina abwino ndi amene amadzuka m'mawa uliwonse ndipo akafa amakonzeka ndi zitsulo zimene muli nazo m'bokosi. Mawilo a Tiger anali olowanalowana ngati mbale zosanjika, moti kuti musinthe lam'kati munkayamba mwamasula angapo akunja. Matope a ku Russia akalowa pakati pake n'kuuma gwa ndi kuzizira kwa usiku, m'mawa kasinja sasuntha. Amene munakankhapo galimoto pa makande a ku Chikwawa mvula itagwa, onjezerani pamenepo kuzizira kwakuti khungu la dzanja limatsalira pa sipanala. Tcheni chimodzi chinkalemera pafupifupi matani atatu, ndipo matcheniwo anali otambalala moti pokwera sitima ankawavula n'kuvala ena opapatiza, akafika n'kusinthanso, zonsezo ndi manja a anthu. Ine ndinabwezerapo tcheni cha katapila m'matope. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, tinatha tsiku lathunthu, ndipo panalibe wotiwombera. Petulo wokwana malita 540 ankatha atayenda makilomita 100 ndi pang'ono m'tchire. Akafera panjira, pankafunika magalimoto akuluakulu okoka mpaka atatu. Ndipo ma Tiger I onse amene anapangidwa sanafike 1,400, pamene America inapanga ma Sherman pafupifupi 49,000, Soviet Union ma T-34 oposa 50,000.

Panther naye, kasinja wina wa Germany amene anyamata amamutama kuti ndi wokongola, anafika ku Kursk asanapse. Analipo pafupifupi 200. Awiri anayaka okha atangotsika sitima, ndipo pofika tsiku lachitatu oyenda anali cha m'ma 40. Magiya ake otsiriza, amene amapereka mphamvu ku matcheni, anavutitsa mpaka nkhondo kutha. Mu November 1942, kufupi ndi Stalingrad, gulu la 22 la akasinja a Germany linaimika makina ake m'maenje n'kuwafunditsa udzu chifukwa cha kuzizira, mafuta oti n'kumalizako injini kulibe. Tsiku lofunika litakwana ambiri sanalire, mbewa zinali zitadya mawaya. Moyo wa m'kasinja unali umenewo: girisi, nsabwe, utsi wa mzinga m'maso, kunyamula zipolopolo za makilogalamu 15 uli chowerama, ndi mantha a moto, popeza injini zinali za petulo ndipo zipolopolo zinali zitakuzungulira m'mbali monse. Mu 1940 ambiri ankapatsidwa mapiritsi a Pervitin, omwe ndi mankhwala ozunguza bongo a methamphetamine, kuti athe masiku awiri kapena atatu osagona.

Zonsezi ndinazidziwa pang'onopang'ono, koma sizinandichotse chikondi chija. Nditabwera kuno ndinapita ku nyumba yosungirako akasinja ya ku Bovington, ku Dorset, kumene kuli Tiger 131 amene Angerezi anamugwira ku Tunisia mu April 1943, yekhayo wa mtundu wake amene akuyendabe. Ndinaima patsogolo pake mtima ukugunda. Sindikubisirani, mayi, ndinamusirira. N'chifukwa chake mwana wanu sindikumuweruza.

Msilikali wa pafoniyo

Simunatchule dzina lake, koma amene anyamata a masewerawa amakonda kuika ndi Michael Wittmann. Kutchuka kwake kwagona pa 13 June 1944, m'tauni ya Villers-Bocage ku Normandy, pamene anadzidzimutsa mzere wa magalimoto a Angerezi ataima pamsewu n'kuphwanya akasinja ndi magalimoto ambiri m'mphindi zochepa. Zimenezo zinachitikadi. Chimene sichikambidwa n'chakuti analowa m'tauniyo popanda apansi, kasinja wake anawomberedwa n'kuima, iye n'kutuluka wapansi. Masana ake akasinja ena a Tiger ndi Panzer IV analowanso m'misewu yopapatiza ija, ndipo asilikali a Britain obisala m'nyumba ndi m'tinjira anawononga angapo. Nyuzipepala ndi wailesi za Goebbels, nduna ya zofalitsa nkhani ya Hitler, zinamukweza pamwamba chifukwa dziko limene likugonja limasowa ngwazi yoonetsa anthu. Pa 8 August chaka chomwecho anatsogolera ma Tiger pamtetete kum'mwera kwa Caen. Anawomberedwa, zipolopolo za m'kati zinaphulika mpaka chimutu cha kasinja chinazuka, ndipo onse amene anali m'katimo anathera pomwepo. Anali ndi zaka 30. Sanalinso msilikali wamba. Anali wa SS, gulu lankhanza la chipani cha Hitler, ndipo anakulira m'gulu limene linayamba ngati alonda a Hitler mwiniwake.

Zovala zakuda pazokha sizitanthauza SS. A m'akasinja a gulu lankhondo wamba ankavalanso zakuda, ali ndi tizigaza pa kolala, mwambo wochokera kwa asilikali akale a pa mahatchi a ku Prussia. Wa SS mumuzindikira ndi zilembo ziwiri zonga mphezi pa kolala, chigaza pa chipewa, ndi chiwombankhanga pamkono wakumanzere m'malo mwa pachifuwa. Ku Germany lero, kuonetsa zilembo zimenezo poyera ndi mlandu.

Chasselay

Agogo athu a KAR (King's African Rifles, asilikali a nthawi ya Angerezi) sanakumane ndi akasinja a Germany pa nkhondo yachiwiri. Iwo anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia, kenako Ajapani ku Burma. Mwina n'chifukwa chake kwathu nkhani ya Hitler timaimva ngati mkangano wa azungu okhaokha. Koma Aafirika anzathu a kumadzulo, ochokera m'maiko amene ankalamulidwa ndi France, anakumana nawo maso ndi maso mu 1940.

Pa 19 ndi 20 June chaka chimenecho, kumpoto kwa mzinda wa Lyon, asilikali akuda a gulu la France analamulidwa kutchinga njira, pomwe aliyense ankaona kuti France yagonja kale. Anamenya mpaka zipolopolo zinawathera, kenako anadzipereka. M'mudzi wa Chasselay Ajeremani anapatula azungu mbali ina, akuda pafupifupi 50 mbali ina. Akudawo anawayendetsa manja ali m'mwamba mpaka pa munda wina kunja kwa mudzi, pamene panali akasinja awiri, ndipo anawathira zipolopolo zachiwaya. Mboni zinanena kuti akasinjawo anapondanso matupi, a akufa ndi a ovulala omwe. Mu 2019 kunatulukira zithunzi zimene msilikali wina wa Germany anajambula tsiku lomwelo, ndipo zinasonyeza kuti akasinjawo anali a gulu la 10 la akasinja. Limeneli silinali la SS. Linali la gulu lankhondo wamba, anyamata a mahedifoni omwe aja. Pamalopo lero pali manda a mpanda wofiira otchedwa Tata. Olemba mbiri amawerengera kuti asilikali akuda amene anaphedwa motere atagwidwa kale ku France m'masabata amenewo anali pakati pa 1,500 ndi 3,000. Mmodzi wa iwo anali Kaputeni Charles N'Tchoréré wa ku Gabon, amene pa 7 June ku Airaines anakana kusiyanitsidwa ndi maofisala anzake achizungu, ndipo anamuwombera pomwepo.

Usiku umene ndinaona zithunzi zimenezo sindinagone. Ine tcheni ndimachidziwa. Ndinaona chimene chimachita ndi mwendo wa munthu mwangozi, ndinaonanso amene anachita ngoziyo akulira m'matope. Ku Chasselay kunalibe ngozi. Kasinja sasuntha komanda asanalankhule, ndipo komanda ndiye uja wokhala ndi mutu kunja, amene amaona zonse. Luso lomwe lija limene ndinkalisirira, la anthu asanu omverana ngati thupi limodzi, ndi limene linagwira ntchito pa munda umene uja. M'mawa mwake ndinatsegula bokosi la masipanala n'kupala chithunzi chija ndi mpeni.

Ndiye mwana wanu akati zopha Ayuda sizinkawakhudza, ine ndikukana, ndipo ndikukana mosanyengerera. N'zoona kuti si dalaivala wa Panzer IV amene ankathira poizoni ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz. Koma mu September 1941 magulu a akasinja a Guderian ndi Kleist anakumana kum'mawa kwa Kyiv n'kutsekera ankhondo a Soviet. Mzinda unagwa pa 19 September, ndipo pa 29 ndi 30 September Ayuda 33,771 anawomberedwa m'chigwembe cha Babi Yar. Magulu apadera opha Ayuda ankayenda m'mapazi mwa ankhondo, akulandira chakudya ndi mafuta kuchokera kwa ankhondo omwewo. Kumene akasinja sanafike, iwonso sanafike. Erich Hoepner, mkulu wa gulu lachinayi la akasinja, analembera asilikali ake mu May 1941, asanalowe n'komwe mu Soviet Union, kuti nkhondoyo idzamenyedwe mwankhanza ndi cholinga chotheratu mdani, ndipo mkulu wa gulu lopha Ayuda la kumpoto anayamikira m'lipoti lake mgwirizano umene anali nawo ndi Hoepner. Akaidi a nkhondo a Soviet pafupifupi 3 miliyoni anafera m'manja mwa Ajeremani, ambiri ndi njala, m'misasa yoyang'aniridwa ndi gulu lankhondo wamba. Pa 10 June 1944, ma Panzergrenadier a gulu la SS la Das Reich analowa m'mudzi wa Oradour-sur-Glane ku France, anawombera abambo m'mashedi, amayi ndi ana anawatsekera m'tchalitchi n'kuyatsa moto. Anafa anthu oposa 640. Pa 17 December chaka chomwecho, gulu la akasinja la Joachim Peiper linapha akaidi a ku America 84 kufupi ndi Malmedy ku Belgium, ndipo patatha sabata mafuta anawathera ku La Gleize, anasiya makina awo n'kuthawa wapansi usiku, anthu pafupifupi 800. Ngakhale zitsulo zenizenizo zili ndi magazi: fakitale ya Nibelungenwerk ku Austria, imene inapanga ma Panzer IV ambiri, inkagwiritsa ntchito akaidi ochokera ku msasa wa Mauthausen.

Sindikunena kuti mnyamata aliyense amene anakwera kasinja anapha wosalakwa. Ambiri anali ana a zaka 18 ndi 19 amene sanafunsidwe ngati akufuna, ndipo anapsera m'zitsulo zimenezo akuitana amayi awo monga akanachitira wanu. Ndimawamvera chisoni. Koma nkhani yakuti gulu lawo linali loyera inapekedwa, ndipo oipeka akudziwika. Nkhondo itatha akazembe ankhondo a Germany omwe aja analemba mabuku, luso n'kudzipatsa okha, zolakwa zonse n'kukankhira Hitler amene anali atafa kale. Maiko a kumadzulo anaimeza chifukwa ankafuna asilikali a West Germany pa mkangano wawo ndi Soviet Union. Magazini amene ndinapulumutsa ku mbaula aja anatunga pa chitsime chimenecho, ndipo masewera ambiri a lero akutunga pomwepo. Ajeremani eni ake anaitsutsa nkhaniyi poyera pa chionetsero chimene chinayamba ku Hamburg mu 1995 n'kuzungulira mizinda yambiri, ndipo kunali mikangano yoopsa chifukwa anthu ankaopa kuona nkhope za abambo awo pa zithunzi.

Kompyuta musamulande, mayi. Mukatero azikasewera kwa anzake, ndipo inu mudzakhala mdani amene sakumvetsa. Muone chithunzicho bwinobwino. Ngati pa kolala pali zilembo zonga mphezi, chichoke lero lomwe, ndipo mumuuze chifukwa chake. Mudziwenso amene akucheza nawo m'magulu a masewerawo, chifukwa mumakhala akuluakulu ena amene amayambira pa akasinja n'kuthera pa chidani cha Ayuda ndi anthu akuda. Mumupemphe akufotokozereni ntchito za anthu asanu aja, mumumvetsere mpaka amalize, kenako mumupatse dzina lakuti Chasselay akafufuze yekha, inu muli pambali pake. Holide ikubwerayi mupite naye ku Bovington. Akakhuta kuona mzinga, mumusonyeze kampata ka dalaivala kutsogolo kwa Tiger uja, inu muime cham'mbali pafupi ndi tcheni, ndiye mumufunse ngati munthu wa m'katimo akanakuonani.